Mwendo wa Bessie

Lolemba, 13 Malichi

Ndapeza wodwala! Zaka zitatu chifikireni kuno ku Erdington, ku Mangalande, zaka zitatu ndikunyamula makatoni ku weyahausi ya ku West Bromwich, ine amene kumudzi ndinali wa mafizo, woyendetsa anthu ofa ziwalo. Mapepala anga a ntchitoyo akuti akuwaunikabe. Mayi a Chisomo, akazi anga, ndi namwino, yunifolomu amavala tsiku ndi tsiku. Ine manja anga atsala pang'ono kudziwa selotepi yokha.

Wodwalayo ali ndi miyendo inayi. Dzina lake Bessie, galu wa a Derek, mkulu wa nyumba yoyandikana nafe. Ndi mtundu wa agalu othamanga pa mpikisano, woonda, nthiti zochita kuwerengeka. Akutsimphina mwendo wakumbuyo, ndipo Loweruka kuli mpikisano pa bwalo lina cha ku Wolverhampton. A Derek akuti galuyo akathamanga, adzauza anzawo onse a ku kalabu za ine. Akuti agalu ouma minofu kumeneko ndi ankhaninkhani.

Dongosolo:
kuthowa ndi madzi ofunda
kutikita ntchafu, kupinda, kuwongola
kuyenda pang'onopang'ono
osauza munthu aliyense wa ku tchalitchi

Lachiwiri, 14 Malichi

Vuto loyamba, ndimaopa agalu. Kwathu galu amakhala panja, ndipo mawu okhawo amene ndinalankhulapo kwa galu ndi akuti "choka". Uyu amagona pa sofa, ali ndi jekete, ali ndi bulangete loposa limene ndinapita nalo ku sekondale. Ndaima pakhomo mpaka a Derek kutsokomola. Kenako ndagwada, ndapereka moni monga ndinkachitira pa wodi, ndaika dzanja pa ntchafu.

Mantha athera pomwepo. Mnofu ndi mnofu. Kuseri kwa ntchafu kuli kamfundo kolimba, zala zakapeza zokha ndisanaganize n'komwe. Misozi yatsala pang'ono kugwera pa galu wa eni. Ndakumbuka khonde la wodi yathu, magadiyani atakhala pansi ndi mabasiketi awo, akundiitana "adokotala" ngakhale ndikane chotani. Ndikukufuna kumeneko, kukufuna kweniweni.

Vuto lachiwiri, ndapita chimanjamanja. Kukazonda matenda wopanda ngakhale nthochi imodzi. Mayi anga atamva akhoza kundikana.

Lachitatu, 15 Malichi

A Derek andisiyira kiyi poti masana amayendetsa vani. Ndikaweruka ndimalowa ndekha.

Zimene ndanyamula lero:
botolo la madzi otentha
thaulo la alendo
nkhuku yotsala dzulo, mafupa ndachotsa, ndi mpunga pang'ono

Bessie wamaliza mbale ndisanakhale pansi. Ndaona zimene amam'patsa mwini wake: timibulu touma tokwana chikhatho chimodzi, toyeza pa kasikelo ngati mankhwala. Wodwala angachire bwanji ndi zimenezo? Anthu akuno chifundo ali nacho, koma ikafika nkhani ya mbale ndi ouma manja.

Ndamuthowa, ndamutikita, wagona tulo mwendo uli m'manja mwanga. Mayi a Chisomo pobwera ku shifiti: "Thaulo langa la alendo likununkha chiyani?" Ndayankha kuti ndi chinyezi cha m'nyumba zakunozi.

Lachinayi, 16 Malichi

Mwendo ukupindika mpaka kumapeto. Tayenda kukafika pokwerera basi, ndipo ndani waima pamenepo? Mayi Gondwe a kwaya, amene nkhani ikalowa m'khutu mwawo imatulukira pa foni.

"Bambo a Chisomo, kodi mwayamba ma-dog walking? Zaka zonse za sukulu zija?"

Ndati ndi wodwala. Ayang'ana galu, ayang'ana ine, agwira pakamwa. Pofika nthawi ya chakudya chamadzulo foni yalira katatu. Wina akufunsa ngati ndimaona amphaka. Mfundo yachinayi ya dongosolo yafa, ndaikhwatcha.

Mayi a Chisomo sakuseka. "Ndiye nkhuku ya mu firiji ikupita kumeneko? Ine ma-long day atatu, msana ukuwawa, koma physio wa m'nyumba muno ali busy ndi galu."

Akunena zoona. Komabe lero wodwala wadya mandasi awiri ndi masoseji.

Lachisanu, 17 Malichi

Bessie wandilandira podumpha, miyendo yonse inayi m'mwamba. Kamfundo kaja kasungunuka. A Derek abwera msanga, amuona akuzungulira kaudzu ka kuseri, andigwira dzanja osafuna kulisiya. Anditchula "dok". Ndayang'ana kumbali kuti asaone nkhope yanga.

Ayang'anitsitsa mimba ya galu, akuti ikuoneka ngati yatukuka. Ndangomwetulira. Munthu sadzitama yekha, koma nthiti ziwiri zabisala kale, ndipo ndi ntchito yanga. Atapita kukaika vani, ndam'patsa wodwala chakudya chotsanzikana ndi chipatala: chiwindi, mpunga, ndi chiponde pa buledi.

Ndatsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu. Khoti yanga yoyera ili momwe ndinaipindira ku Lilongwe, mizere yopindira yasanduka yachikasu. Ndaisita kawiri. Mabatani akukana pamimba, koma mapewa akukwana.

Loweruka, 18 Malichi

Mvula yamawawa. Bwalo lamatope, mavani, agalu ovala majekete, azibambo ovala zipewa. Khoti yoyera ili mkati mwa jekete, kolala yokha ikuoneka.

Palibe anandiuza kuti agalu amayamba akwera sikelo!

Aliyense amathamanga m'gulu la kulemera kwake. Bessie wakwera, mayi wolemba mayina wapukusa mutu. Watsika, wakweranso, chimodzimodzi. Wapitirira gulu lake, ndipo gulu la olemera ladzaza kale. Sathamanga.

A Derek akulumbira kuti chakudya amayeza okha. Ali mkati molumbira, Bessie walowetsa mutu m'chikwama changa, watuluka ndi dzira lowiritsa. Ndinanyamula anayi, oti adye akapambana. Ndafotokoza kuti kwathu wodwala sazondedwa chimanjamanja. A Derek afiira mpaka makutu, ndipo mawu amene anena sindilemba m'buku lino. Anzawo a ku kalabu, odwala anga onse a mtsogolo, aseka mpaka kutsamira mavani. Mmodzi wanditchula "shefu", katswiri wophika.

Mpikisano utatha, anthu akupakira, a Derek amumasula kumapeto kwa bwalo kuti awongole miyendo. Wathamanga bwalo lonse, kupita ndi kubwerera, mimba ndi yonse, osatsimphina ngakhale kamodzi. Amene amayang'ana ndi ine ndekha.

M'vani malo anga atha mwadzidzidzi. Ndabwerera pa tramu, kasitima ka m'tauni, ndi basi.

Lamulungu, 19 Malichi

Kiyi ndaponya pa kabowo ka makalata ka pa chitseko cha a Derek. Bessie wanunkhiza zala zanga mkati mwake, a Derek sanatsegule. Ku tchalitchi ndakhala kumbuyo ndipo ndatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Mayi a Chisomo ndawatikita msana, akuti galu uja anadya bwino.

Masana ndakala khadi ya foni, ndaimbira a Mbewe, amene anandiphunzitsa ntchito pa wodi paja. Akuti wodi yadzaza, a mafizo atsala awiri, zitsulo zoyendera zija zinathyoka. Kenako afunsa ngati ndayamba kugwira odwala kuno.

Ndati sabata ino ndinali ndi mmodzi, wa mwendo. Afunsa ngati akuyenda. Ndati akuthamanga.

"Ndinadziwa, achimwene. Manja amenewo sakanangokhala."

Mawa shifiti ya sikisi. Makatoni.