Tsiku Lomwe Gitala Yanga Inakana Kubangula

Zinayamba Loweruka lomaliza la Julayi mu 1996, cha m'ma teni koloko m'mawa, pamene mlamu wanga wa ku Kitwe anafika pakhomo pathu kwa Mlolo n'kundipatsa kaseti. Ndikanadziwa, ndikanapempha sopo monga anachitira ena onse.

Nthawi imeneyo ndinali dikoni mumpingo mwathu, komanso woimbira kwaya gitala. Udikoniwo ndinkaunyadira chamumtima. Atate anaugwira mpaka imfa yawo, ndipo pabanja pathu panalibe amene anaitanidwapo kubwalo la akulu a mpingo. Gitala yamagetsi ndi ampu yake yaing'ono yokuzira mawu ndinagula ndekha ku Chipata nditagulitsa thonje. Zinkayendera batire lakale la galimoto, lomwe ndinkakadzazitsa pagalaja ina paboma.

"Alamu, paja mumati mumaimba gitala," anatero mlamuyo. "Tamvani anzanu."

Pachikuto cha kasetiyo panali azungu atsitsi lofika m'mapewa, onse okwiya ngati aberedwa mbuzi. Nyimbozo akuti ndi hevimeto. Mawu ake sindinatolepo kanthu, chikhalirecho Chingerezi ndinakhoza bwino kusekondale. Koma gitala yake inandigwira. Siinkalira ngati yanga ayi, inkabangula. Linali liwu lonenepa, lamchenga, ngati chigayo chameza mwala koma chikugayabe. Ndinaganiza kuti mzunguyo zala ali nazo ngati zanga, zingwe za gitala n'zomwezo. Chotsala kunali kupeza pomwe anapotokola.

Ndinayamba ndi kupotokola mabatani onse a ampu mpaka kumapeto. Phokoso linakula, nkhuku zinasamukira kwa aneba, koma liwu linali lomwe lija la Lamulungu m'mawa. Kenako ndinatunga zitsekerero za mabotolo pawaya n'kuzipachika kutsogolo kwa sipika, monga achitira pakalimba. Zinamveka ngati maseche a amayi. Tsiku lina ndinadutsitsa gitala mu wailesi yomwe ndinkamverera kaseti ija. Panatuluka kautsi pang'ono, wailesi n'kukhala chete mpaka lero (inali ya akazi anga, mphatso ya paukwati).

"Atate ake Rute," anatero mayi a kunyumba ataima pakhomo, "chinthu chanucho chikudwala, kapena mukuchizunza ndinu?"

"Ndikufunafuna liwu."

"Kalifuneni kumunda. Mwana akuwerenga za mayeso."

Munda wathu uli kumapeto kwa dambo, ndipo kuseri kwa msasa wanga kuli nkhalango ya manda. Kwathu aliyense amadziwa kuti kukolola kukatha, a gule wamkulu amakonzekera zilombo zawo m'nkhalango yotere, ndipo munthu wa mpingo sapondako. Inenso ndinkadziwa. Koma masiku amenewo m'mutu mwanga munali mawaya okhaokha.

Loweruka linalo ndinakweza zonse panjinga, pamodzi ndi mtsuko waukulu wa thobwa umene ndinabwereka osauza mwini wake. Nzeru yanga inali yoti liwu likalowa mumtsuko lidzatuluka litanenepa. Ndinagoneka mtsukowo chammbali, kukamwa kwake kutayang'ana sipika. Kanyale kofiira ka pa ampu kankaphethira ngati munthu wa tulo, koma sindinasamale. Ndinakhwatcha zingwe.

Linabwera. Liwu lomwe lija la mukaseti, mwinanso loipirapo. Linagunda mitengo ya kumanda n'kubwerera lili awiri. Mbalame zonse zinanyamuka. Ine si munthu wovina, koma ndivomere kuti mutu ndinagwedeza ndithu. Ndinaimba mpaka dzuwa kupendeka.

Zomwe sindinadziwe n'zoti amayi amene ankatunga madzi pachitsime cha kudambo anali atathawa kalekale, ndowa atazisiya pomwepo. Ndinaphimba katundu wanga ndi chiguduli poopa fumbi, n'kumakankha njinga m'kanjira kolambalala nkhalango. Potulukira ndinakumana ndi amayi awiri a mumpingo mwathu. Anayang'ana chiguduli, anayang'ana ine, anayang'ana kumene ndinkachokera. Moni wanga sanayankhe.

Kutacha, ndisanavale n'komwe jekete la kutchalitchi, anafika a Mbewe, aneba athu, omwe mudzi wonse umadziwa kuti ndi a gule. Anakhala pampando osafulumira.

"Adikoni, tabwera kudzafunsa. Chinalira dzulo chija n'cha yani? Ife sitinatulutse kanthu."

"Ndi gitala, a Mbewe."

"Gitala."

Anayang'ana zala zanga.

"Akuluakulu akuti chili ndi mawu abwino," anatero. "Koma malo aja ali ndi eni ake. Muzipempha."

Ndinapepesa ndi nkhuku, monga mwa mwambo. Ndinaigwira ndekha n'kuipereka ndi manja awiri pabwalo poyera, nthawi yomwe anthu ankadutsa kupita kutchalitchi. Pofika masana nkhani inali itakwanira: dikoni anatuluka kumanda ndi katundu wophimba, ndipo m'mawa walipira nkhuku yolowera gule. Mapemphero atatha, abusa anandiuza mofatsa kuti akulu a mpingo akufuna kundiona Lachinayi.

Sindinade nkhawa kwambiri. Umboni ndinali nawo. Ndikanangowaimbira, akanamva okha kuti chilombocho ndi mtsuko. Ndipo poti ndine munthu wokonzekera zinthu, Lachitatu ndinapalasa njinga mpaka paboma, ndinadzazitsa batire mpaka pakhosi, n'kupala mitu yake ndi mpeni kuti iwale.

Tinakumana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Panali abusa ndi akulu angapo, wotsogolera mafunso ali a Mwale, amene akazi awo anali m'gulu lothawa pachitsime ndipo anavulala bondo. Ndinafotokoza mwachidule. Ndinagoneka mtsuko, ndinalumikiza mawaya, ndinapempha kuti asadzidzimuke. Ndinakhwatcha zingwe.

Gitala inalira mokoma kuposa tsiku lililonse chiigulireni. Liwu loyera ngati madzi a pamjigo. Mkulu wina wokalamba anayamba kung'ung'udza nyimbo motsatira.

"Akazi anga anathawa chimenechi?" anafunsa a Mwale.

Ndinatembenuza mtsuko. Ndinauimika. Ndinalowetsamo theka la ampu. Liwu linangokomerakomera. Thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Abusa anayamba kundiyang'ana ndi chisoni chimene amayang'ana nacho anthu odwala kwambiri.

Apo m'pamene ndinaona kanyale kofiira kaja. Kankawala ngati diso la mphaka. Kumunda kuja kankaphethira. Ndinazindikira kuti mtsuko unalibe mlandu: ampu inkabangula chifukwa cha njala, batire litatsala pang'ono kutha. Ndipo ine ndinali nditapalasa njinga tsiku lonse kukaidyetsa.

"Abusa, ndikupempha nthawi. Chimalira batire likafooka."

"Lifooka liti?"

"Mwina mawa."

A Mwale anati iwo sachoka asanamve. Ndiye anatuma munthu kukatenga babu la galimoto lomwe tinkaunikira pamisonkhano ya chitsitsimutso, tinalilumikiza kubatire kuti lithandize kumwa moto. Tinakhala choncho, akuluakulu a mpingo atazungulira nyale yoyaka dzuwa lili paliwombo. Kuti ampu nayonso idye, ndinayamba kuimba nyimbo za m'tchalitchi. Mkulu wa mpingo sangamve nyimbo ya Mulungu n'kukhala duu, choncho onse ankaimba nawo, a Mwale ali ndi besi, nkhope ili gwa. Tinamaliza za Khirisimasi, tinalowa za maliro. Nkhomaliro inadutsa.

Babu litayamba kufiira, tili pakati pa vesi lachiwiri la nyimbo yofatsa kwambiri, gitala inakhosomola kamodzi. Kenako inabangula. Malata anayankha. Mkulu wokalamba uja, amene timamuthandiza pokwera masitepe, tinamupeza ali panja.

Abusa anakweza dzanja, ine n'kusiya.

"Ndichomwecho," anatero a Mwale. "Akazi anga anachifotokoza chimodzimodzi."

Anagwirizana kuti za gule ndinalibe mlandu. Ndinathokoza, n'kuyamba kukulunga mawaya. Udikoni wanga unali utapulumuka. Ndikumanga chiguduli, a Mwale anafunsa, tsopano mwachifundo:

"Pepanitu adikoni. Ndiye kuti chinangokuwonongekerani mwangozi kumundako?"

Ndikanangoti inde. Mawu amodzi okha. Koma atate anandilera mosanama, ndiponso, kunena zoona, ntchito yanga sindinafune kuti itchedwe ngozi.

"Ayi. Ndinkalifuna dala. Ndavutika nalo kwambiri kuti ndilipeze."

Akulu anayang'anana. Abusa anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Munthu wopita ku gule timadziwa pomuyambira," anatero. "Inu sitikudziwa."

Anandipumitsa udikoni mpaka kukolola kwa chaka chotsatira, kuti ndikhale ndi mpata woganiza. Gitala anati ndiziimbirabe kwaya, bola batire lizikhala lodzaza, ndipo a Mwale aziliona kaye. Kunyumba mayi anangolandira mtsuko wawo, anaugogoda kumva ngati uli ndi mng'alu. Phunziro ndinalimva bwino lomwe: munthu wa msinkhu wanga asamatengeke ndi za achinyamata a kutali.

M'mawa mwake ndinamangirira batire panjinga kupita paboma. Mwini galaja analilandira n'kufunsa, "Tidzaze lonse ngati dzana, adikoni?"

"Pakadali pano sindine dikoni," ndinatero. "Ikanimo pang'ono chabe."