Chilombo Chovala Nsapato

Lolemba

Che Amidu a sitolo ya pakona abwera ndi makina a kanema kuchokera ku Lilongwe! Injini, chinsalu, magudumu a filimu m'zitini. Akuti ndi yoopsa: chilombo chochokera ku nyenyezi, chodya anthu. Tizionetsa masana m'nyumba yawo yosungiramo mtedza, mawindo titatseka ndi masaka a mtedzawo. Azungu a m'filimumo amalankhula Chingerezi chokhachokha, ndiye pakufunika womasulira. Pa Mitundu pano amene anakhalako ku Halale ndani? Ine, telala.

Ndatumiza kale mawu ku Nathenje. Esinati abwere Loweruka ndi amayi ake, komanso atsibweni ake a Mwale, amene mpaka lero sanayankhe za ukwati wathu. Adzandione nditaima kutsogolo, jekete ili pathupi, anthu akunjenjemera ndi mawu anga.

Lachiwiri

Tikuyesa makina ndi Che Yusufu, mlamu wa Che Amidu, amene akuti anaphunzira kuwayendetsa. Kalanga ine! Zimene ndikuona:

Chombo cha ku nyenyezi: mbale ziwiri zovundikirana, ulusi wozikolekera ukuoneka.
Phiri: nsalu yopakidwa utoto. Munthu akadutsa, phiri likugwedezeka.
Chilombo: mzungu wovala chiguduli, mutu ngati dzungu, kumapazi nsapato zakuda zopolisha bwinobwino.

M'filimumo, mkazi wa dokotala akukuwa chilombo chisanatulukire n'komwe. Che Amidu angoti, "Mukakometsa ndi pakamwa, a Telala."

Lachitatu

Gudumu lapakati kulibe. Chitini chilipo, koma m'kati muli filimu ya boma ya kadzalidwe ka thonje. Ndiye kumapeto kwa gudumu loyamba dokotala akuthawa chilombo, m'gudumu lomaliza dokotala palibe, mkazi wake akupsompsonana ndi msilikali. Ndiwauza chiyani anthu?

Che Amidu akuti thonjelo tionetsenso, anthu asaone ngati tawadulira. Chilombo, thonje, chilombo. Mutu ukundiwawa.

Lachinayi

Tsiku loyamba. Nyumba yadzaza, thukuta, fungo la mtedza. Ndikukweza mawu: "Taonani, imfa ikutsika kumwamba!" Mayi wogulitsa zitumbuwa: "Imfa yake m'mbale?" Nyumba yonse gwa! ndi phwete.

Chilombo chikutulukira. Ndikubangula mpaka kukhosi kuwawa. Bambo wina wa ku Malingunde: "Amene anasoka chinyau ichi sanavinidwe." Mnzake: "Mufunseni nsapatozo anagula kuti."

Pa thonje pokha ndiye zii, aliyense tcheru. Wina akundifunsa kuti mizere italikirane bwanji. Sindinadzalepo thonje ine!

Lachisanu

Lero kulibe kanema, Che Amidu ali ku mzikiti. Ndili pakhonde ndi makina anga osokera. Aliyense wodutsa akutambasula manja, akuyenda mokoka miyendo ngati chilombo chija, kenaka akuwerama kupukuta nsapato. Ngakhale a mpingo.

Ndikuyeseza mawu oopsa chapansipansi. Mwini buluku amene ndimasoka wandimva, wanyamula buluku lake, wapita nalo losatha.

Mawu ayamba kusasa. Zofunika mawa: uchi, mandimu, mvula yoti a ku Nathenje alephere kubwera. Koma ino ndi nyengo ya chilimwe.

Loweruka

Abwera. Esinati wavala diresi yabuluu. Amayi ake ndawapatsa mpando wa kutsogolo, a Mwale pambali pawo, chipewa pabondo.

Che Yusufu aiwala kubweza filimu kuyambira Lachinayi, ndipo ayamba ndi gudumu lomaliza. Zonse zikutuluka chadodolido, chammbuyo. Azungu akuyenda miyendo m'mwamba. Utsi ukubwerera m'mfuti. Chilombo chikulendewera ngati mleme, chikulavula msilikali wamoyo, nsapato zili kudenga. Mawu ake ngati munthu akumira m'chitsime.

Palibe akuseka. Kwa nthawi yoyamba sabata yonse, anthu achita mantha enieni! Ndikunong'oneza Che Yusufu kuti aimitse. Che Amidu kumbuyo: "Isiyeni choncho, yakoma!"

A Mwale akundikodola. "Akuti chiyani mzunguyo?"

"Sindikumva, bambo."

"Si paja munatiuza kuti Chingerezi mumachita kumwera tiyi?"

Ndikuyesa kufotokoza kuti n'chobwerera m'mbuyo, koma mawu andithera, pakungotuluka kamphepo. Pomwepo chilombo chadzaza chinsalu chonse, pakamwa pali pamwamba, maso pansi. Amayi ake a Esinati akuwa, "Mayo, ufiti!" Adzuka, akoka saka la pawindo poyesa chitseko, mtedza wakhuthuka, anthu akuterereka. Mpango wawo watsala pa msomali.

Esinati yekha wakhala pomwepo, nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Akulira kapena akuseka, sindikudziwa.

Abwerera osatsanzika.

Lamulungu

Mawu kulibe. Ku tchalitchi ndangoyasamula pakamwa, anzanga akuimba.

Ankhoswe anga afika masana, akana mpando. Akuti amayi aja sanagone, akuona anthu oyenda padenga. A Mwale akuti nkhani ya ukwati iyambe yadikira, aganize kaye ngati mwana wawo angakhale ndi munthu woitanira apongozi ku zotere, amenenso Chingerezi chake chimathawa alendo akafika. Za Esinati ankhoswe akuti akamufunsa akungothawira kuseri kwa nkhokwe, akabwerako maso ali ofiira, mano pamtunda.

Che Amidu akuti kuyambira mawa azionetsa chadodolido basi, anthu afunsa kale mpaka ku Diamphwe. Womasulira sakufunikanso.

Ndapopa njinga, ndamanga tambala. M'mawa ndipita ku Nathenje kukapepesa. Chilombo si changa, makina si anga, sindinayendepo padenga la munthu. Koma ndikagwada.