Buluku Loyera Pampanda wa ku Limbe

Mpaka lero mkazi wanga akafuna kunditseka pakamwa pagulu amangoti, "Bambo, ndiwauze za ku Limbe?" Ine pomwepo zii. Ndiye ndaona kuti ndi bwino ndiulule ndekha, chifukwa iye akamafotokoza amawonjezera zake.

Inali nthawi ya Chitaganya, ndili kalaliki woyeza masamba a tiyi pa esiteti ina ku Thyolo. Mpira sindinkasewera (miyendo yangayi ndi yongoyendera), koma pochemerera panalibe wondiposa. Timu yathu inali yaing'ono, ndipo bwalo lathu linali lotsetsereka, lokhala ndi chulu pakona, magolo ake a mitengo ya bulugama. Tsono itamveka nkhani yoti Loweruka tikasewera ndi timu ya kampani ina ya fodya ku Limbe, pabwalo lawo latsopano, esiteti yonse inatekeseka.

Ine ndinali ndi chifukwa chachiwiri chopitira. Ndinali nditafunsira mbeta, dzina lake Fanesi, ndipo anali atandilola. Otsala anali atsibweni ake, a Nakhumwa, amene ankakhala ku Limbe komweko. Iwo anatumiza mawu oti asanalandire ankhoswe anga, ayambe aona kaye nkhope yanga. Akanangopukusa mutu, zaukwati zikanathera pomwepo.

"Atsibweni ndi mkulu wa mpingo," anandichenjeza Fanesi. "Za mowa ndi za mankhwala safuna n'kumva komwe. Mukavale bwino, ndipo musakalongolole ngati muli kumpira."

Anandilongosolera nyumba ya atsibweni akewo, ya chitseko chobiriwira kuseri kwa msika. Ntchito imene ankagwira sindinafunse, ndipo kupusa kwanga kunayambira pamenepo. Ndinasoketsa buluku loyera kwa telala, n'kulisita mpaka mzere wake kuchita kuthwa. Pa lole anzanga anakhala pansi akuimba, koma ine ndinaimirira kuchokera ku Thyolo mpaka ku Limbe kuopa kudetsa kumbuyo.

Bwalo lija, abale, linali bwalo! Udzu wometa bwino, mizere yoyera ya laimu, magolo okhala ndi ukonde, mabenchi okhalapo anthu, ngakhale kanyumba kovulira kokhala ndi mpope. Kuzungulira konse anamanga mpanda wa malata, pamwamba pake waya waminga. Goloboyi wathu anasuzumira pageti n'kunena kuti pabwalo lotere munthu utha kugwa dala tsiku lonse.

Tinali ndi mkulu wina, a Mulipa, amene ankayenda ndi timu kulikonse. Sanali mphunzitsi, sanali wosewera, koma aliyense ankadziwa ntchito yawo. Anafika pageti, nawerama, n'kuloza pansi. Dothi linali lonyowa chidutsa chonse cha polowera, chikhalirecho mvula inali isanagwe kwa miyezi.

"Mwaona? Athirapo. Wodutsa apa miyendo ilemera ngati mtondo. Tonse tilowera kumpanda."

"Ine sindisewera nawo, a Mulipa," ndinatero. "Ndilowera pageti pompano."

"Iwe ukalowera apa, tsokalo ukalowa nalo pakamwa. Ukangoti 'Menya!' ana onse afooka. Ukufuna tigonje chifukwa cha iwe?"

Anyamata khumi ndi mmodzi anandiyang'ana. Ndikanatani? Kuwonjezera apo a Mulipa anaona kuti jekete langa lili ndi matumba akuluakulu, ndiye anandilonga botolo la zinthu zakuda bii, zonunkha ngati mbuzi yonyowa, zoti akathire pagolo lathu. Dalaivala wathu, Che Sumani, anangoseka, nalowera pageti manja ali kumbuyo.

Tinazungulira kuseri. Osewera anadumpha mmodzimmodzi ngati ana a mphaka. A Mulipa, ndi ukalamba wawo womwe, anakwera pa mgolo umene unali pamenepo n'kutsikira mkati bwinobwino. Ndinatsala ndekha. Ndinakwera pamgolo, mwendo wamanja uko, wamanzere ukubwera, kenaka ndinangomva kuti kwee! Waya unali utagwira buluku kumbuyo. Ndinati ndidzikoke, n'kuterereka, ndipo ndinapezeka ndili lende mkati mwa bwalo, mutu pansi, miyendo ikupalasa malata. Botolo linasolotoka m'thumba n'kusweka kuti phwa!

Linaswekera pamapazi pa bambo wina wachikulire, wa chipewa chaukhaki, atanyamula chidebe cha laimu. Anayang'ana botolo, nayang'ana ine, osaseka, osakalipa.

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

"Ndaswera bwino, kaya inu, bambo?" (Taganizani, munthu ali chadodolido koma ulemu osaiwala.)

"Geti lili uko, ndipo n'lotsegula. Kapena kwanu mumalowera padenga?"

Anaika chidebe pansi, nandikumbatira m'chiuno, n'kundikweza pang'ono kuti waya utaye. Waya unataya ine, koma chigamba chachikulu ngati mbale unatsala nacho. Chinkapepeluka pamwamba pa mpanda mpira wonse, ndipo ochemerera a ku Limbe ankachiloza n'kumati ndi mbendera ya a ku Thyolo.

Mpirawo ndinaonera nditakhala pabenchi, jekete nditamanga m'chiuno. Ine amene mawu anga ankamveka mpaka ku fakitale, tsiku limenelo sindinatsokomole n'komwe. Anatithira zigoli zinayi, ife osagoletsa olo chimodzi. A Mulipa anati mlandu ndi wanga poswa botolo, ndipo sanandilankhulitse mwezi wathunthu.

Koma mtima wanga sunali pa zigoli. Ndikaoneka bwanji kwa atsibweni a Fanesi? Kusapita kukanakhala kuwanyoza, popeza anali akundiyembekeza. Che Sumani anandimvera chisoni nandibwereka ovolosi yawo yokonzera lole, yamafuta okhaokha, miyendo yake yolekeza m'katumba. Ndinavala, jekete pamwamba, buluku long'ambika nditalikulunga m'nyuzipepala. Ndinapeza chitseko chobiriwira chija dzuwa likupendeka, n'kuodira.

Anatsegula anali bambo a chidebe cha laimu aja.

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku ovolosi, nati, "Eee, lero lomwe mwaphunzira kulowera pakhomo? Lowani."

Tinakhala. Ndinadzitchula dzina ndi kumene ndachokera. Anaitana akazi awo, nawapatsa mtokoma wanga wa m'nyuzipepala kuti aone ngati ungasokeke. Mayiwo atafunyulula anathamangira kukhitchini, ndipo ndinkawamva akulimbana ndi phwete.

"Ndiye ndinu amene mukufuna mwana wa mlongo wanga," anatero a Nakhumwa. "Mumapemphera?"

"Eya, bambo. Ndimaimbanso kwaya."

"Nanga m'botolo muja munali chiyani?"

Bodza linabwera lokha pakamwa, loti unali mankhwala a chifuwa. Koma fungo lake linali likadali pansapato zawo, tonse tikulimva. Ndinaona kuti Fanesi ndamutaya kale, ndiye kunama kunalibenso phindu. Ndinaulula zonse: za dothi lonyowa, za a Mulipa, za mantha anga oti anzanga angandide. Ndinamaliza ndi kunena kuti ndachita manyazi kwambiri, ndipo ngati akana sindiwadandaula.

Anasisita chipewa chawo pabondo. Kenaka anasuzumira kukhitchini kuona ngati mayi akumva, nasendeza mpando kufupi ndi ine.

"Bwalo lija ndimasamalira ndine," ananong'ona. "Pageti paja ndinathira madzi a pampope, kuti fumbi lisavute alendo. Madzi chabe. Koma anyamata athu amakudziwani a ku Thyolo kuti simulowera pageti. Zawozo anathira kumpanda, pomwe pali mgolo paja. Mgolowo anaikapo ndi iwo omwe."



"Ine ndinawaletsa, monga mkulu wa mpingo," anapitiriza, nkhope ili yowongoka. "Koma zigoli zinayi si zochepa ayi."

Apo ndi pamene anaseka, mpaka misozi. Atapuma anati munthu wopusa amatha kuchenjera, koma wabodza iwo sangamupatse mwana wawo, choncho ankhoswe anga abwere. Ndinatuluka m'nyumbamo ndi buluku loyera la chigamba chamaluwamaluwa, chifukwa nsalu imene mayi anali nayo inali yomweyo. Pobwerera pa lole ndinakhala pansi ngati wina aliyense, ndikuimba ndekha pamene anzanga onse anali ndwii.

Mungaganize kuti ndinatolapo nzeru. Tsiku la ukwati wathu kunagwa kamvula m'mawa, ndipo pakhomo la tchalitchi panali ponyowa. Nditafika pamenepo miyendo inaima yokha. A Nakhumwa, amene anaima pambali atavala suti, anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Lowani, mkamwini, pano sitinathirepo kanthu."

Ndinalowa. Koma kunena zoona, ponyowapo ndinadumpha.