Mwana Wolira M'kamisolo

Masiku ano ndikamadutsa pakhomo la chipinda chotsukira mabala ndimayenda mofulumira, nkhope pansi, chifukwa alipo anthu amene sanaiwale. Ndibwino ndikuuzeni ndekha musanamve kwa ena, poti enawo ayamba kale kuthiramo nsinjiro.

Kwathu ndi ku Tsangano, ndikuphunzira unamwino, ndipo ndili ndi mwana mmodzi, Nelito, amene sanasiye bere. Itakwana nthawi ya estajiyo, yophunzira ntchito pa odwala enieni, ananditumiza kuchipatala china cha m'boma la Macanga. Mwana sindikanamusiya. Ndinanyengerera amayi anga mpaka anavomera kusiya kachewere wawo m'munda, tinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, n'kukapeza kachipinda pafupi ndi chipatalacho.

Bambo a Nelito anali atandigulira telefoni yatsopano, ndipo kusukulu anatiikiramo mavidiyo a katsukidwe ka bala, kabayidwe ka jekeseni, ndi zonse za mankhwala. Abale, ndinaikonda telefoni ija. Ndinkaonera vidiyo uku ndikuyamwitsa, ikatha ndibwereze, kenako ndigwire mwendo wa amayi ndiumange bandeji ulibe bala (tsiku lina anapita nayo kumsika, anthu n'kumawapepesa). A Profesora athu, mayi wamtali wosaseka wamba, anatipatsa lamulo limodzi: telefoni ikhale pafupi kuti tizionamo zomwe taiwala, koma ikhale chete.

Mawu akuti chete ndi amene anandisowetsa mtendere. Ine ndine mayi woti mwana akayetsemula ndayamba kale kuganiza za chibayo, ndipo kuphunzira mayina a matenda kunangowonjezera. Nanga amayi ataimba ine osamva? Mnzanga Jasinta ndiye anandionetsa kuti mungathe kuitseka pakamwa telefoni yonse, n'kusiya nambala imodzi yokha kuti izilira ndithu. Ndinasankha ya amayi. Kenako ndinapitirira pamene Jasinta analekezera. Ndinajambula kulira kwa Nelito akusambitsidwa, kulira kwake kwaukali kuja, n'kukuika kuti ndiko kuzimveka amayi akaimba. Ndinati nyimbo ndingaiphonye, koma mwana wanga sindingamuphonye ngakhale pakati pa msika. (Ndinadziona wanzeru kwambiri tsiku limenelo. Ndinauzako ndi anzanga.)

Amayi ndinawalangiza bwinobwino: "Musaimbe ndili kuntchito pokhapokha ngati pali vuto." Anati amva.

Linafika tsiku la mayeso a katsukidwe ka bala. Wolephera ankabwereza estajiyo yonse, ndipo amayi anali atanena kale kuti kachewere sangawadikire kawiri. Ndikanalephera, ndiye kuti wolera mwana palibe, sukulu yathera pomwepo. Koma sindinkaopa kwenikweni, ndinkachita kulakalaka, poti vidiyo ija ndinali nditailoweza. Thumba la yunifolomu yanga linali lobooka, choncho telefoni ndinaiika pamene mayi aliyense amaika chinthu chimene safuna chitayike: m'kamisolo.

Wodwala wanga anali bambo wina wolima fodya wa ku Chidzolomondo, amene anapsa mwendo ndi paipi ya njinga yamoto. Anali wolongolola. Ndinasamba m'manja monga mwa vidiyo, ndinatsegula zipangizo, ndinavala maluva, zovala zam'manja zamphira zija. Dziwani ichi: mukavala maluva, manja anu sakhudzanso china koma zipangizo zoyera ndi bala. Ngakhale mphuno iyabwe, muipirire. Mukakhudza china, mayeso atha.

Ndinatsuka mbali yoyamba bwino kwambiri, moti ndinaona a Profesora akugwedeza mutu pang'ono. Mtima unavina.

Pomwepo mwana analira.

A Profesora anasuzumira pansi pa tebulo. Bambo aja anakweza mwendo wabwinowo kuyang'ana pansi pa bedi. Panja, pabenchi ya amayi odikira sikelo, wina anayamba: "Mayi wake ali kuti? Muyamwitseni mwanayo." Wina anatsegula chitseko pang'ono n'kulowetsa mutu, ena awiri n'kulowetsanso yawo. Ine ndaima, manja m'mwamba, chifuwa chikulira.

Bambo aja ndiwo anayamba kuzindikira kumene kukuchokera. Anandiyang'ana mwaulemu ndithu n'kuti, "A namwino, pepani kufunsa. Mwanayo mwamumeza?"

Kulira kunasiya. Ndinapuma. Kunayambanso.

Apa thupi langa linandipereka. Mayi woyamwitsa akudziwa: bere silifunsa ngati wolirayo ndi mwana kapena telefoni. Ndinamva kutentha, kenako kunyowa, ndipo pa yunifolomu yoyera ija panayamba kufalikira madontho awiri aakulu. Koma manyazi anali pambuyo. Chimene chinali patsogolo n'chakuti amayi aimba kawiri, ndipo ndinawauza kuti aimbe pakakhala vuto. M'mutu mwanga Nelito anali atagwa kale pabedi, atameza nyemba, atakomoka ndi malungo. Dzanja langa lamanja linanyamuka lokha kulunjika pachifuwa.

"Não toca, usagwire," anatero a Profesora. "Ukagwira, ine ndi iwe tathana."

"A Profesora, ndi amayi. Ali ndi mwana. Saimba chabe."

A Profesora anandiyang'ana, anayang'ana bala lotsegula lija, anayang'ana kudenga ngati akufunsa kuti analakwa chiyani. Kenako anapinda dzanja la malaya awo. "Com licença, pepa," anatero, n'kupisa m'kamisolo mwanga pamaso pa bambo wa fodya ndi mitu itatu ya pachitseko. Anaitulutsa telefoni itanyowa, ataigwira ndi zala ziwiri ngati mbewa yakufa, n'kuidina kuti tonse timve.

"Iwe, bwanji osayankha?" anatero amayi. "Latuluka."

"Chatuluka n'chiyani, amayi? Akupuma? Watentha thupi?"

"Dzino. Lam'munsi. Ndimati ndimudyetse phala, ndangomva supuni kuti go."

"Amayi, ndili pa mayeso."

"Mayeso ndiye aletse dzino? Tamvera." Ndipo tonse m'chipindamo tinamva kasupuni kakugogoda pa dzino la mwana wanga. Kunja wina anaimba nthungululu.

Ndivomere, chimwemwe chinandigwira kuiwala pamene ndinali. Dzino loyamba! Ndinafunsa ngati lili loyera, ngati lili kumanja kapena kumanzere, ndipo ndikanafunsa zambiri a Profesora akanapanda kuyandikitsa telefoni pakamwa pawo.

"Mayi, tamva, zikomo. Mwana wanu amalize kaye ntchito."

"Ndani ameneyo? A Profesora? Ii, mwaswera bwanji? Kunyumba ali bwanji? Ana?"

Ndinaona a Profesora, amene madokotala amawapatuka m'khonde, akuyankha moni wonse mmodzimmodzi mpaka kumapeto, poti munthu wamkulu sumudula pakamwa.

"Parabéns, mafuno abwino kwa mwini dzino," anatero bambo aja. "Koma mwendo wangawu ukuzizidwa."

Ndinamaliza. Mkaka unkayenderera mpaka pamimba, koma ndinatsuka kuchokera pakati kupita kunja, ndinaphimba, ndinamanga, osakhudza chilichonse chosayenera. A Profesora anayendera bandeji ndi chala, kenako anapita kumpopi n'kusamba m'manja nthawi yaitali kuposa mmene vidiyo imanenera.

"Manja ako akhoza," anatero osatembenuka. "Mutu wakowo sindikudziwa. Pita ukasinthe, ukaonenso dzinolo, poti chipatala chonse chalimva."

Ndinathamanga njira yonse nditafungatira chikwama pachifuwa. Dzino linalipodi, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Ndinamunyamula Nelito, ndinavina naye, ndinamuika kubere ndi mtima wonse wa mayi amene wakhoza mayeso, ndipo iye anayesera chida chake chatsopanocho pa ine.

Amayi ndinawafunsa kuti kodi dzino ndi vuto. Anati vuto ndi ine, ndikanapanda kuuzidwa ndikanawakwiyira sabata yathunthu. Ananena zoona.

Tsopano ndikamalowa m'chipinda cha mabala telefoni imatsala m'chikwama cha Jasinta, mbali ina ya chipatala, monga analamulira a Profesora. Ndaphunzira ndithu. Kungoti ndinamupempha Jasinta kuti ikalira azibwera kudzaima pawindo, akweze chala chimodzi ngati ndi dzino, ziwiri ngati ndi zina.