Alonda Khumi ndi Awiri, Mabuluku Asanu ndi Limodzi

Komboni ya George,
Lusaka.
12 Malichi 1990.

Kwa Bwana Mkulu wa Kampu ya Asilikali,
ija ya mtanda wofiira wotsekera magalimoto pageti.

Bwana Wolemekezeka,

Ndalemba kalatayi nditagwada, ngakhale bondo langa lakumanja silinafunsidwe maganizo. Ndine Edwell Miti, mlonda wamba wa pageti lanu lalikulu, nkhalamba ija imakukwezerani mtanda wachitsulo m'mawa uliwonse. Ndinayesa kubweretsa mawuwa ku ofesi kwanu, koma mlonda wa pakhomo panu ndi wankhanza kuposa ine. Poti mukamadutsa pageti mumakhala mutaphimba kumaso ndi nyuzipepala, ndaona kuti ndikudikireni m'menemo, ndiye kalatayi ndaitumiza ku nyuzipepalako. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4 ku Katete. Mukapeza polakwika m'kalembedwe, mlandu ndi wa aphunzitsi anga, ndipo anamwalira kale.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Si munthu aliyense amapatsidwa ulemu umene munandipatsa ine. M'kati mwa mpanda muli asilikali mazanamazana, mfuti, mizinga, ndi magalimoto oyenda pa unyolo, ngakhale ambiri anakhala pa njerwa kudikira mafuta. Zonsezi munaziika m'manja mwa ine ndi chibonga changa. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano palibe mdani walowa. Anthu ansanje amati n'chifukwa choti dziko lilibe nkhondo. Ine ndimati adaniwo anamva mbiri yanga.

Lachisanu lapitali baSajeni Kafula, amene amayang'anira ife alonda wamba khumi ndi awiri, anatiimika pamzere natiwerengera chidziwitso chanu. Mwati tikuchititsa kampu manyazi, alendo akationa amayesa afika pa chipatala cha mishoni. Choncho Loweruka lino, seveni koloko m'mawa, tonse pamodzi tidzayezedwa m'chiuno, kenako tidzathamanga makilomita atatu pabwalo la perete, aliyense atavala yunifomu yonse. Wolephera, kapena wobwera wopanda yunifomu, ntchito yathera pomwepo. Tinaomba m'manja, bwana, poti baSajeni anatiyang'ana. Koma ndili ndi timafunso tochepa.

1. Za m'chiuno. Mwalamula kuti mlonda asapitirire mainchesi makumi atatu ndi asanu ndi limodzi. Apa musavutike n'komwe, boma linakuchitirani kale ntchitoyi. Chiyambireni kugula ufa ndi makuponi a boma, lamba wathu ndamuboola ndi msomali kanayi, ndipo mchira wake tsopano umafika kumsana. Mukafuna kusunga nthawi, mutiyeze awiriawiri, tidzakwanabe. Chimene sindinamve bwino n'chakuti tepiyo ikatha pageti, kodi idzapitirira mpaka m'maofesi? Ine ndimaima pamalo oonekera zambiri. Pali bwana wina, sinditchula nyenyezi zake, akamatsika m'galimoto mimba imayamba kupereka moni, mwiniwake n'kufika pambuyo. Sindikunena kuti ayezedwe. Tepi ya boma ndi imodzi, ndipo sitiyenera kuiika pangozi.

2. Za kuthamanga. Musaone imvi, bwana, kuthamanga ndimakudziwa. Mu Januwale kunamveka kuti saladi, mafuta ophikira aja, wafika kusitolo ya boma ku Matero. Ndinanyamuka pa George ndi botolo m'manja, ndinapitirira azimayi, ndinapitirira wa njinga, agalu awiri anandilondola n'kubwerera panjira. Pamzere ndinali wachisanu ndi chinayi. Saladiyo anathera pa wachisanu ndi chitatu, koma umenewo si mlandu wa miyendo yanga. Ndikutanthauza kuti munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri amathamanga ngati kutsogolo kuli chinthu. Loweruka kutsogolo kudzakhala chiyani? Mukaika kathumba ka ufa kumapeto, ngakhale baWebster, mlonda mnzathu wa mphumu, mudzawagwira ndi galimoto.

Muonjezepo kuti ine ndi minibasi tinasudzulana chaka chatha, pa zifukwa zimene dziko lonse likudziwa. Ndimayenda pansi maola awiri kubwera, maola awiri kubwerera, mvula ndi dzuwa. Ndikanakonda makilomita amenewo alembedweko penapake. Komanso ndifunse mwaulemu: mlonda athamangira kuti? Kwathu mlonda wothamanga timamutcha wothawa. Ntchito imene munandilemba ndi kuima. Bwanji osatiyesa kuima? Ndingaime ndi msilikali aliyense amene mungasankhe, kuyambira sikisi mpaka sikisi, wopanda tiyi, tione amene ayambe kufunsa za mpando.

3. Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikupempha muwerenge pang'onopang'ono monga ndalembera ine. Alonda tilipo khumi ndi awiri. Mayunifomu alipo asanu ndi imodzi. Pamene tinalembedwa ntchito, a kusitolo ya kampu anatiuza kuti chuma chavuta, choncho yunifomu si ya munthu koma ya malo olondera. Malo alipo asanu ndi amodzi, ndipo pa malo alionse pali wa usana ndi wa usiku. Anati n'zongoyembekezera, nsalu ili panjira. Njirayo iyenera kuti ndi yaitali kuposa ya ku George.

Ine ndimavalirana ndi baFadili a ku Chaisa, Msilamu, munthu wosalankhula kawiri. Iwo ndi a usiku, ine wa usana. Sikisi koloko m'mawa timakumana kuseri kwa kanyumba ka pageti, iwo avula, ine ndivala. Sikisi koloko madzulo ine ndivula, iwo avala. Malaya, buluku, lamba, chisoti, majombo, zonse ndimazilandira zikadali zofunda. Mu Juni limeneli ndi dalitso. Za mu Okutobala sindilemba, nyuzipepala imawerengedwa ndi ana.

Tinakhazikitsa malamulo athu, ndipo sitinawaphwanyepo. Thumba lakumanja ndi lawo, mumakhala mikanda yawo yopempherera. Lakumanzere ndi langa, mumakhala fodya wanga wa mphuno. Tsiku lina ndinaiwalamo kanyama kankhumba kowotcha kokulunga m'pepala, ndipo sanandilankhule masabata awiri, koma buluku ankandipatsabe pa nthawi yake. Majombo ndi a nambala naini. Ine ndimavala seveni, iwo teni. Ine ndimaikamo mapepala, iwo amapinda zala, ndipo pakati pa awirife nsapatoyo imakwana bwinobwino. Kuchapa timachapa Lamlungu pampopi wa pageti. Poti palibe nthawi yoyanika, ndimavala zonyowa n'kuima padzuwa. Chingwe choyanikira cha kampu yanu ndine, bwana, ndipo pa udindo umenewo sindinapempheko kalikonse.

Yunifomuyi sinatulukepo pageti. Mkazi wanga, baPetronella, sanandionepo nditaivala, ndipo tikayambana amauza anzawo pampopi kuti mwina ndimangopita kukasewera nsolo. Ngati pali wantchito mu kampu muno woyenera mendulo, ndi buluku limeneli. Zaka zisanu ndi chimodzi usana ndi usiku, silinapite ku tchuthi, silinapite ku maliro, silinadwale, kupatula pamatako pamene tinaikapo chigamba cha thumba la ufa.

Tsopano Loweruka mwati tonse khumi ndi awiri tithamange nthawi imodzi, aliyense mu yunifomu yonse. Ndinakweza dzanja n'kufunsa baSajeni kuti zidzatheka bwanji. Anandiyankha kuti, "Imwe bamudala, ine nabelenga chabe pepa. Vamene valembewa ni vamene ivo. Mukambilane mweka." Ndiye tikukambiranadi. BaHosea ndi baWebster a ku geti la kumbuyo, anthu amene akhala akubwerekana mchere ndi lumo zaka zonsezi, anakambirana dzulo kuseri kwa kanyumba kawo. Pano aliyense ali ndi mwendo umodzi wa buluku, ndipo geti la kumbuyo likulondedwa ndi munthu wofunda bulangete. A ku nkhokwe ya mafuta anati achite maere, wogonja n'kunena kuti mnzake ali ndi mankhwala. Nkhondo imene takhala tikuitsekereza kunja yalowera kuseri, bwana, ndipo sinasainire m'buku la alendo.

Sindikunena kuti munachita dala. Munthu wa Sitandade 4 sanganene zotero kwa munthu wa nyenyezi. Ndangoona kuti ngati wina akufuna kuchotsa alonda asanu ndi mmodzi popanda kuyang'ana aliyense m'maso, njira imeneyi ndi yaukhondo kwambiri. Timachotsana tokha, inu manja ali m'thumba, ndipo matumba anu onse awiri ndi anu.

Kwa ine ndi baFadili nkhani ili chonchi. Kuthamanga kuli seveni koloko. Yunifomu imabwera kwa ine sikisi koloko. Mwa mwambo wathu, ndiye kuti ndi yanga, ndipo iwo adzaima kunja kwa bwalo m'malaya a kunyumba, ntchito itatha asanaponye phazi. Ndinakonzeka kuti tikangane. Ndinabwera nawo mawu anga okonzeratu, ena a m'Baibulo, ena a kumowa. Koma iwo akundipatsa lamba dzulo anangoti, "BaMiti, sikisi koloko ndi yanu. Ine ndidzavula ngati masiku onse. Wogawa ndi Mulungu." Kenako anandikumbutsa kuti batani lachitatu likugwedera.

Bwana, akananditukwana ndikanadziwa chochita. Munthu ameneyu ali ndi pakamwa pasanu ndi patatu pomuyang'ana ku Chaisa, anayi mwa iwo ana a mwana wake wamkazi amene tinamuika chaka chatha. Kwanga tilipo anayi, ndipo baPetronella amagulitsa tomato wa milu itatu pakhomo, ina n'kudya tokha ikayamba kufewa. Ntchito ikandithera, pa msinkhu uno palibe adzanditenga ngakhale kulonda khola la nkhuku. Ikawathera iwo, chimodzimodzi. Usiku wathawu ndinayesa kuwerenga kuti njala ya anthu asanu ndi atatu ndi njala ya anthu anayi yaikulu ndi iti, ndipo ndinapeza yankho limene sindinalikonde.

4. Kafunso kakang'ono. Tonse tikadzakhala tikuthamanga, pageti padzakhala yani? Ngati mudzaikapo msilikali, mumutumize Lachinayi ndidzamuphunzitse. Mtanda uja uli ndi khalidwe lake. Ukaukoka chingwe uyenera kudumphira kumanzere, apo ayi umatsika pamutu. Sindikufuna kuti gulu lankhondo litaye munthu woyamba chifukwa cha ine.

Ndafika pa pempho langa, ndipo ndalichepetsa kuti likwane m'chuma cha masiku ano. Sindikupempha mayunifomu ena, ndikudziwa nsalu ikadali panjira. Ndikupempha ola limodzi lokha. A usana tithamange seveni koloko, tivule, a usiku athamange eyiti koloko. Adzalandira malaya a thukuta, koma analandirapo zoposa pamenepo. Kapena mutilole tithamange mopatsirana, ine theka la njira, baFadili theka linalo, tikusinthana pakati pa bwalo. Kuvula ndi kuvala timatha m'mphindi ziwiri, ndipo pa luso limeneli palibe msilikali angatipose. Ola silifuna ndalama zakunja, bwana. Lili kale mu wotchi yanu.

Mukapanda kuyankha pofika Lachisanu, ndidzadziwa kuti mwatanganidwa ndi zoteteza dziko, ndipo sindidzakwiya. Loweruka sikisi koloko ndidzachedwa dala. BaFadili sangasiye geti lopanda munthu, sanaterepo, choncho seveni koloko idzawapeza ali mu yunifomu, ndipo baSajeni akadzawaitana adzathamanga, afune asafune. BaPetronella sindinawauze. Adzamva kwa anzawo odziwa kuwerenga, ndipo chimene chidzandichitikire kunyumba chidzaposa chilango chilichonse cha m'buku lanu.

Koma ine sindilola kuti ku George kumveke zoti Miti anathawa mpikisano. Ndidzabwera ndithu. Yunifomu ndidzakhala ndilibe, ndipo lamulo la kampu limaletsa zovala za kunyumba pabwalo la perete. Ine ndine munthu womvera malamulo. Zovala zangazo ndidzazipinda bwino n'kuzisiya pageti, ndipo makilomita atatuwo ndidzawathamanga m'yunifomu imene anandipatsa amayi anga ku Katete. Ndi yakale, yakwinyika, ina yalendewera, koma ndi ya ine ndekha ndipo sindivalirana ndi munthu.

Ndamva kuti padzakhala alendo, ndi amayi a kunyumba kwanu, ndi a bandi. Amayiwo muwakhazike kumbuyo, kapena kutsogolo, mumawadziwa ndinu. Kwa inu ndikupempha chimodzi. Ndikamadzadutsa pa nsanja yanu ndidzaima njo, ndidzamenya saluti monga anatiphunzitsira baSajeni. Anatiuzanso kuti saluti siigwa pansi, mkulu amaimirira n'kuibweza, maso ali pa woperekayo. Mudzabweze, bwana. Poyang'ana mudzasankha nokha.

Ine wantchito wanu mpaka Loweruka,

Edwell Miti,
theka la usana la Mlonda Nambala 1.