Mpweya wa NyaGondwe

Amene akuti ndikunama aimirire ndimuone nkhope! Inu anyamata a matola a masiku ano amene mwadzadza pano pa wokonza matayala, tayala mumalidziwa likaphulika basi. Ine Mwakasungula ndinayendetsa pikapu yonyamula mpunga kuchokera ku Hara mpaka ku boma la Karonga pa matayala omwewo, kuyambira mwana wanga akukwawa mpaka kumera ndevu, osamva phuu ngakhale kamodzi. Mukumva?

Chinsinsi chake chinali mkazi wanga, NyaGondwe. Mmawa uliwonse, matayala asanatenthe, ankazungulira galimoto n'kumagogoda lililonse ndi chala ngati akusankha chivwende, akamva lina likulira mofooka amvekere, "Adada, ili lili na njala," n'kutenga pampu ya manja kulipopa, kenaka n'kukhala pansi ndi mpini wa supuni kumatokosa timiyala m'mizere, ine ndikumwa tiyi. Thumba limodzi loonjezera pa katundu ankalitsitsa yekha. Mpunga ukakololedwa ankandikakamiza kusintha matayala, akutsogolo apite kumbuyo, ati nawonso apumeko.

Ndiye matayala aja, m'malo mokutha, anayamba kunenepa, mizere n'kumakula moti ndinkachita kuiwenga ngati zikhadabo, misomali ya pa msewu ikationa tikubwera inkadzipinda yokha ndi manyazi, apolisi a pa rodibuloko n'kumachitira sailuti matayalawo ine osandiyang'ana n'komwe, ndipo chaka chomwe madzi anasefukira ku Hara galimoto inayandama ndi matumba ake onse, ine n'kumapalasa ndi fosholo, milamba ikukwera yokha kupempha lifiti. Mukuseka? Ndikulumbira pali manda a bambo anga!

Koma tayala lokonda mayi uja linali la sipeya. Tsiku lina ndili ku Mwenilondo ndinalitsitsa kuti nditenge jeke ndithandize mnzanga, potembenuka ndinangoona ilo likugubuduka lokha kulowera kumwera, kupambana mabasi, kuima pa rodibuloko, kudikira ng'ombe ziwoloke, kukhota pa njira ya kwathu ku Vinthukutu mpaka kukagona pa mapazi a NyaGondwe. Iye anangolisisita n'kutereka madzi osamba, podziwa kuti mwini wake ali m'njira. Ndinafika madzi akadali ofunda.

Pikapu ija inapita kalekale. NyaGondwe nayenso anapita. Mmawa wake womaliza kuyenda ndi miyendo yake, akutsokomola, anapopa sipeya lija, ndipo madzulo ake tinamutengera ku chipatala komwe sanabwerere. Ndimamusowa, anyamata inu, ndimamusowa kwambiri. Tayala lija lili kuchipinda kwanga, ndipo mpweya uli m'katimo ndi womwewo anaupopa ndi manja ake.

Tsono sabata yatha mwana wanga wandevu uja anabwera ndi munthu wosoka nkhwaila, nsapato za matayala zija, mpeni uli m'manja. Akuti, "Adada, tayala ili lang'aluka, silingayendenso pa msewu, bola tidule nsapato." Zoti lakalamba sindikana, ndipo amene angaliike pa galimoto ndi mfiti yofuna kupha anthu. Koma ndinaligonera pamwamba n'kuwauza kuti ayambe kudula ine. Anabwerera, koma akuti abweranso.

Ndikukuuzani, tayala lija likadali gwa ngati mwala, mukhoza kuswerapo mtedza, mpweya wake sunachoke ngakhale wodzaza m'mphuno mwa udzudzu!

Iwe wokonza matayala, usandiyang'ane choncho. Chabwino. Ndimaligogoda mmawa uliwonse, ndipo kulira kwake kwayamba kufooka. Dzulo chala changa chinalowa. Pampu yake ija ilipo, ili pakhoma m'chipinda momwemo, ndipo ndinaigwira kawiri konse. Koma ndikapopa, mpweya wanga usakanikirana ndi wake, ndiye ndidzadziwa bwanji kuti wa NyaGondwe watsala wochuluka bwanji?