Malamba Anayi, Anthu Asanu

Lolemba

Kwatsala masiku five. Loweruka tikukwera ferry, sitima ya pamadzi, ine ndi mnzanga Tadala, ndi nyumba yoyenda ija amati motorhome. Tapanga hayala ya masiku ten pa kampani ina konkuno ku Swords, kuseri kwa airport. Ili ndi mabedi, kafiriji, mbaula, ngakhale chimbudzi chake. Ndangoiona pa chithunzi, koma ndaikonda kale kuposa anthu ambiri amene ndimawadziwa.

Tikupita kuminda ya mphesa kumwera kwa France. Kukamwa vinyo pamalo pomwe amamupangira, titakhala pamthunzi, miyendo titatambasula. Zaka three ndikusambitsa nkhalamba za eni ku nursing home, holide yanga yonse imathera ku maliro ndi ku ma-bridal shower. Uno ndi ulendo wanga woyamba wopanda mpunga wa mu cooler box!

Zomwe zakonzeka:
Visa. Ndinaivutikira miyezi iwiri, ndekha, poti Tadala ali kale ndi pasipoti ya kuno.
Chipewa chachikulu cha udzu.
Mapu. Ndazunguliza minda seven ndi cholembera chofiira.
Mawu atatu a Chifalansa. Amodzi ndaiwala kale.
Malo a pansi pa bedi, oika makatoni a vinyo pobwerera.

Woyendetsa ndi Tadala, chifukwa ine ndidakali ndi chikwangwani cha L. Bambo amene anandilepheretsa mayeso kawiri uja sindinamukhululukire, ndipo nkhope yake ndikuikumbuka.

Chatsala chimodzi, kukatsanzika kwa Anti Nachisale ku Lucan. Ndi amene anandisunga chaka chathunthu nditangofika m'dziko muno, ndiye sindingawoloke nyanja osawauza. Vuto ndi loti Anti ndi wapampando wa amayi a kutchalitchi, ndipo iwo amadziwa kuti ine ndimamwa tiyi ndi juwisi basi. Ndamuuza Tadala kuti mawa pakamwa atseke, wolankhula ndine.

Lachiwiri

Sanatseke.

Tafika ku Lucan, tapatsidwa tiyi ndi mandasi. Ndayamba bwinobwino, kuti Anti tikuchokapo pang'ono, tikupita ku France kukapumitsa mutu. Anti afunsa kuti France yake mbali iti. Ndisanameze tiyi, Tadala wayankha kale kuti kumwera.

Anti aika kapu pansi. "Kumwera? Ana inu mukupita ku Lourdes osandiuza?"

Pamenepa munthu wanzeru amati ayi Anti, kumeneko ndi kutali zedi. Tadala wati, "Ndi pafupi ndithu." Ngati kuti sizinakwane, watulutsa foni n'kuwaonetsa galimoto. Anti avala magalasi. Awerenga mabedi ndi chala. Anayi.

Akuti zaka twenty akhala akupempha Amayi Maria kuti awatsegulire njira ya ku Lourdes, ndiye taonani, njira yabwera yokha, ndi chimbudzi chomwe. Agwetsa misozi. Andigwira pamutu n'kundidalitsa. Ndikanati chiyani ine? Kuti pepani Anti, ife tikukaledzera?

Pobwerera sindinalankhule kuyambira Lucan mpaka Swords. Tadala akuti iye satha kunamiza akuluakulu. Ndani anamutuma kunama? Ndinamutuma kukhala chete, ntchito yomwe ngakhale mwala umaitha.

Lachitatu

Ndinali ndi chiyembekezo chimodzi, visa. Ayi ndithu, Anti pasipoti yawo ndi ya kuno, safunika kupempha munthu. Chimodzimodzi Mayi Phiri, mnzawo wa mu kwaya, amene ndamva lero kuti nawonso akupita chifukwa Anti sangagone okha m'galimoto ndi ana. Tadala wawonjezera kale maina awo pa tikiti ya ferry. Changu chake pa zinthu zolakwika!

Anti alengeza pa gulu la WhatsApp la mpingo kuti ana athu awiri akonza ulendo wa kumalo oyera. Foni yakhala ikunjenjemera m'thumba shifiti yonse. Timanja topemphera, timitima, ma amen. Wina walemba kuti achinyamata ena atengerepo chitsanzo.

Pobwera kuntchito ndapeza pakhomo panga:
Mabotolo a juwisi otsuka bwino, thumba lonse.
Chigubu cha mafuta ophikira, chikununkhabe.
Kabotolo ka mankhwala a chifuwa.
Fulasiki yopanda chivindikiro.
Maenvulopu a zopempha zoti tikasiye kuphanga la Amayi Maria ku Lourdes. Imodzi ndi yosamata. Sindinawerenge. Chabwino, ndawerenga. Munthu wina akupempherera ine kuti ndipeze banja. Kalembedwe kake ndakazindikira.

Botolo lililonse lili ndi dzina la mwini wake pa tepi. Onse akufuna madzi odalitsika. Ndipo mabotolowa akakhala kuti? Pansi pa bedi. Pa malo a makatoni anga.

Mayi Phiri atumiza kale malamulo a m'njira: korona m'mawa ndi madzulo, nyimbo zauzimu zokha, ndipo m'galimoto yopita kwa Amayi Maria simulowa chakumwa chaukali. Ndayang'ana mapu anga. Minda seven ija, mwina tidzaiona pawindo, tikuimba.

Tadala walemba kuti ndisadandaule, tipeza njira. Ndamuyankha ndi kachala kamodzi koloza m'mwamba. Akudziwa tanthauzo lake.

Lachinayi

Lero ndi tsiku lokaonetsedwa galimoto, kuyatsa gasi, kuthira madzi, kukhuthula chimbudzi. Tinapangana kupita awiri. Tapeza Anti afika kale pa yadi, ndi Mayi Phiri, ndi munthu wachitatu: Mayi Banda a ku Tallaght, ndodo m'manja, mwendo wotupa. Akufuna akausambitse m'madzi a ku Lourdes. Madokotala a kuno akuti alephera.

Mzungu wa pakampani wawerenga mitu yathu n'kunena kuti malamba a pamipando ndi anayi, ndiye anthunso ndi anayi. Anti amufotokozera mwaulemu kuti kwathu mpando wa anthu atatu timakhalapo asanu, ndi nkhuku pamiyendo, ndipo wina atha kungogona pabedi. Mzungu wati malamba anayi. Anti andiuza kuti ndimuuze m'Chingerezi chabwino kuti Mayi Banda ndi ochepa thupi. Ndamuuza. Wati malamba anayi.

Onse ayang'ana Tadala. Tadala wayang'ana ine.

Apo ndi pomwe ndaphulika. Akuluakulu sungawakalipire, ndiye zonse zagwera Tadala. Ndamukumbutsa tsiku lomwe anandiimika pa siteshoni ya sitima ya Luas ola lathunthu mvula ikundithera pamutu. Ndamukumbutsa diresi lomwe anasoketsa lofanana ndi langa pa ukwati wa msuweni wake. Ndamukumbutsa kuti ndi iye anaulula kwa Anti za mnyamata wa ku Zambia uja. Zonse, motsatana, ndi miyezi yake. Pomaliza ndati, "Poti ulendo wasanduka wanu, mpando wangawo apatseni Mayi Banda. Pitani nokha."

Ndinkadikira kuti wina anene kuti ayi mwanawe, sizingatheke. Ndi mmene zimakhalira. Munthu ukakana chinthu amakukakamiza, ukana kachiwiri, akukakamizanso, kachitatu uvomera monyinyirika, aliyense ulemu wake uli pomwepo. Ngakhale mbale ya nyama timaikana kawiri.

Anti aimba nthungululu. Pa yadi ya mzungu! Mayi Banda andigwira manja onse awiri, akulira, akuti mtima wotere masiku ano ndi wosowa. Mzungu wamwetulira poona kuti nkhani ya malamba yatha.

Tadala watsegula pakamwa. Ndatembenuka asanatulutse mawu, n'kukakwera basi.

Lachisanu

Off yanga. Tadala waimba m'ma eight. Sindinayankhe. Waimbanso kanayi. Kenaka ma voice note, motsatizana, mpaka six. Sinditsegula ngakhale imodzi, angaone kuti ndamvera.

Kupepesa kumabwera ndi miyendo. Munthu akakulakwira amabwera pakhomo, amagogoda, amakhala pansi. Zopepesa pafoni ndi za anyamata. Ndikudziwa kuti lero ali pa shifiti ya maola twelve kuchipatala, koma limenelo si vuto langa.

Ndakolopa m'nyumba monse kuti akafika andipeze ndatanganidwa. Ndakonza zomwe ndinene. Ndiyamba ndi kukana kawiri. Kachitatu ndivomera, koma nditayang'ana pawindo. Sutikesi sindinamasule.

M'ma two walemba mawu: "Chonde mvera ma voice note five isanakwane." Kundiikira nthawi! Ngati ndine wantchito wake!

Ndapsa mtima, ndaimbira abwana ku nursing home kuwauza kuti holide yanga yalephereka, andibwezere pa rota. Asangalala ngati ndawapatsa mbuzi. Nthawi yomweyo masiku anga apatsa mnzathu wina amene wakhala akupempha kuti apite kwawo ku India. Sabata ya mawa ndili ndi mashifiti five. Tadala akamva zimenezi chimudye mumtima.

Five yakwana. Yadutsa. Pakhomo sipanagogode munthu.

Ndapambana. Sindikudziwa kuti ndapambana chiyani.

Loweruka

Abwera m'ma eleven kudzatenga mabotolo. Galimoto yake! Yaikulu, yoyera, yokongola kuposa pa chithunzi. Anti ali kutsogolo, pa mpando wanga, korona ikulendewera pagalasi.

Ndanyamula mabotolo ndekha, maulendo atatu, n'kuwalongedza pansi pa bedi. Akwana bwinobwino, ngati malowo anapangira iwo. Ndasuzumira pakona. Cooler box. Mpunga ndi nkhuku yokazinga.

Mayi Banda aona chipewa changa pa msomali, ati amva kuti kumeneko kuli dzuwa. Ndawapatsa. Munthu woyera mtima angakanize chipewa?

Tadala maso ofiira, ngati sanagone. Wandikokera kumbuyo kwa galimoto.

"Wamvera?"

"Ndinatanganidwa."

Watambasula dzanja. "Chabwino, mnzanga. Tandibwereke mapu aja."

Ndamupatsa, ndikudabwa kuti mapu a minda ya mphesa akatani nawo kuphanga. Sindinafunse. Kufunsa ndi kulankhula, ndipo ine sindikumulankhula.

Amayi atatu aja anandizungulira pamsewu n'kundipempherera, aneba akuyang'ana pamawindo. Kenaka chitseko khoo. Tadala anaikhotetsa galimoto pakona mosamala, osakhudza ngakhale bini imodzi. Amayendetsa bwino, zimenezo sindingamukanize.

Ndamasula sutikesi. Zovala zosambira ndaziika pansi penipeni.

Lamulungu

Ku Misa, Bambo Mfumu alalikira za mtsikana wina pakati pathu amene wapereka mpando wake kwa wodwala. Sanatchule dzina. Tchalitchi chonse chatembenuka kundiyang'ana. Panja amayi andikumbatira mpaka bulauzi yakwinyika. Mwini wa envulopu ija wati pemphero lake liyankhidwa msanga tsopano.

Kunyumba, mvula. Ndapanga tiyi. Ndati poti ali kale kutsidya, palibe chomwe ndingaluze. Ndatsegula ma voice note.

Yoyamba: walankhula ndi Anti. Amayi atatuwo akagona kunyumba ya masisitere ku Lourdes masiku anayi, safuna kusokonezedwa pa mapemphero. Galimoto ikhala yathu, awiri.

Yachiwiri: wayang'ana pa intaneti. Kuchoka ku Lourdes kukafika kuminda yoyamba sipatha ndi ola lomwe. Itatu mwa minda yanga yofiira ija titha kuifika.

Yachitatu: mwana wa Mayi Banda wavomera kuwakweza ndege mayi ake, akawapeze anzawo komweko, ngati ine ndikuufunabe mpando wanga. Koma ndinene ndekha, chifukwa ndinaupereka ndekha pamaso pa anthu, ndipo iye sangakalande mpando kwa munthu wa ndodo popanda mawu anga.

Yachinayi: dzina langa pa tikiti salichotsa mpaka five, ikadutsa aikapo la Mayi Banda. Akulankhulira m'chimbudzi cha kuntchito, ndikumva madzi.

Yachisanu: akupepesa za Lachiwiri. Ndi za Luas. Ndi za diresi. Za mnyamata wa ku Zambia akuti sapepesa, anali ndi mkazi ku Chipata. Zoona, anali naye.

Yachisanu ndi chimodzi ndi yaifupi. Akungotchula dzina langa, kenaka phee, kenaka yatha.

Ndamvera zonse kawiri. Tiyi wazizira. Visa ili apo m'pasipoti, yatsopano, yosadindidwa. Ndege zilipo, koma masiku anga ali ku India.

Ndajambula voice note yanga. Ndafufuta. Ndajambulanso, ndafufutanso. Pomaliza ndangolemba kuti munda wa nambala three asauphonye, akuti uli pa phiri.

Wayankha nthawi yomweyo, ali pamalo omwetsera mafuta. Akuti andigulira vinyo woyera, amuthira m'botolo la juwisi, amata tepi ya dzina langa n'kuika pakati pa anzake. Anti azidzati ndi madzi odalitsika. Watumizanso chithunzi: Mayi Banda akugona kukamwa yasa, chipewa changa kumutu. Chikuwakhala bwino. Chimenechonso chandipweteka.

Mawu oti pepa sindinalembe. Amenewo salembedwa pafoni, ndinanena ndekha. Akabwera ndikwera mabasi awiri mpaka kwawo, ndikagogoda, ndikakhala pansi. Ulendo uno miyendo yake ndi yanga.

Mawa shifiti ya eight. Yunifolomu sindinasite.